Akufa Sadzuka Belu Lisanalire

1

Bambo anga anafa kambirimbiri asanamwalire. Chaka chilichonse mwezi wa Epulo ankavala jekete lawo la ubweya, kusenza mfuti ya gogodera, n'kukagwa chagada pa kapinga wa kumlatho anthu akuwomba m'manja. Ndiye tsiku limene anagwa osadzukanso, anthu anawombanso m'manja. Ine, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndinawomba nawo mpaka zikhatho kuwawa.

Dzina langa ndine Lorna, ndimasoka zovala kuno ku Tarbury. Tawuni yathu ilibe mgodi kapena fakitale. Chuma chathu chonse ndi m'mawa umodzi wa chaka cha 1775, pamene alimi a kuno anatsekereza asilikali a mfumu ya ku Mangalande pamlatho. Takhala tikukukuta m'mawa umenewo mpaka lero, ngati galu wokakamira fupa loti mafuta anatha kalekale. Ana a sukulu amauloweza, ophika buledi amaujambula pamapepala okulungira, ndipo amuna akuluakulu a ndevu zawo amatha chaka chonse akukangana za mabatani.

Mkulu wa okangana za mabataniwo ndi mwamuna wanga, Garrett. Mkati mwa sabata amagulitsa inshulansi. Koma akangovala chipewa cha ngodya zitatu amasanduka Kaputeni, ndipo ngakhale abusa amamupatukira panjira. Sewero la nkhondo lisanayambe amandandalika asilikali ake kuholo ya tawuni, n'kumawayendera mmodzimmodzi, dengu kudzanja lino, kampeni kakuthwa kudzanja linalo. Wotchi, foni, magalasi a masiku ano, zonse zimathera m'dengumo, limene amalitcha dengu la manyazi. Akapeza batani la pulasitiki amalidula pomwepo, anzake akuseka chikhakhali. Lamulo lina ndi la akufa: ukagwa wagwa, sudzuka, sukanda pokuyabwa, mpaka belu la kutchalitchi litalira.

Kwa chaka chathunthu ndinkakhulupirira kuti ndine amene ndinapha bambo anga. Ndikufuna mumve mmene ndinasenzera mtolo umenewo, komanso amene ananditwika.

2

Bambo anga, a Amos Ketter, ankayendetsa basi ya ana a sukulu asanapume pantchito. Mtima wawo unayamba kuvuta amayi atamwalira. Adokotala anawapatsa timapiritsi toika kunsi kwa lilime chifuwa chikathina, tili m'kabotolo kofiirira ka chitsekerero cha pulasitiki. Anawauza kuti asamasiyane nako ngakhale popita kuchimbudzi.

Dengu la mwamuna wanga ndinkalidziwa bwino, choncho ndinawasokera kathumba kobisika m'kati mwa jekete, cha kukhwapa, osauza munthu. Chaka chilichonse ndinkaikamo kabotoloko ndekha, n'kutseka ndi ulusi wolefuka woti chala chimodzi chikhoza kudula.

Chaka chathachi chinali cha chikondwerero chachikulu, zaka 250 chichitikireni nkhondo ija, ndipo a kanema anabwera kuchokera kutali. M'mawa umenewo khitchini yanga inali piringupiringu. Uyu siketi yang'ambika, uyu mwana wasanzira pa epuloni, winayu wanenepa ndipo akufuna ndimulowetse m'diresi la chaka chapita. Bambo anatulukira pakati pa amayi onsewo atavala masokosi okha kumiyendo.

“Lolo, tandipatsa jekete langa ndikafe, nthawi yatha.”

“Mwangomwa khofi yekha, Adadi. Idyani kaye nyemba izi.”

“Munthu wokafa amadya nyemba? Ukufuna ndikawombe mfuti ziwiri nthawi imodzi?”

Amayi aja anafa nalo phwete. Ine ndinawauza kuti pamsinkhu wawo akanangokhala pampando ndi azigogo anzawo n'kumaonerera.

“Wendell akufa lero, ine nditsale?” anatero. Wendell anali mnzawo wa paubwana, amene ankagwera pambali pawo chaka chilichonse. “Nkhalamba ija imagwa ngati thumba la mbatata. Pakufunika munthu woti awaonetse a kanemawa kafedwe kaulemu.”

Ndinawaveka jekete, ndinawamanga kansalu pakhosi, anandipsompsona pamphumi n'kutuluka akuimba mluzu. Apa ndi pamene mutu wanga unadzasokonezekera pambuyo pake. Ndinkakumbuka zala zanga zikukankha kabotolo m'kathumba, ndinkakumbuka ndikuluma ulusi. Koma zimenezi ndinali nditazichita zaka zambiri, m'khitchini yomweyo, pawindo lomwelo.

3

Ife amayi a madiresi akale timaima kuseri kwa chingwe, kutsogolo kwa alendo. Ambulansi anali ataiimika kuseri kwa tchalitchi kuti isaoneke pazithunzi. Ng'oma zinalira, asilikali a mfumu a majekete ofiira anatulukira kutsidya kwa mlatho, Garrett anakweza lupanga, mfuti zinaphulika, utsi wa onga unaphimba ponseponse. Utachepa, bambo anali atagwa pamalo awo a nthawi zonse, pambali pa Wendell.

Koma sanagone phee monga mwa masiku onse. Mwendo unkapalasa kapinga, dzanja linkakanda jekete cha kukhwapa.

“Bambo ako chaka chino adzipereka,” anatero mayi wina pambali panga. “Taona mmene akuphiriphithira. A kanemawa sanabwere pachabe.”

Dzanjalo ndinaliona. Koma ndinadzitonthoza kuti ngati ndi chifuwa, mankhwala ali pomwepo, adula ulusi, zitha. Patapita kanthawi mwendo unasiya kupalasa. Ndinapuma mpweya wautali, ndinanyadira bambo anga, ndinawomba m'manja.

Kenako inafika nthawi ya Kaputeni. Garrett anadutsa pakati pa akufa, anawerama pang'ono pamene panali Wendell ngati akukonza nsapato, n'kukwera pamwala wolankhulira. Zaka zonse mawu akewo amakhala afupi. Tsiku limenelo, makamera atamuloza, anayambira kwa agogo a agogo, anatchula dzina la mlimi aliyense, ufulu uku, magazi uko, mawu akunjenjemera ngati mlaliki wa pachitsitsimutso. Alendo ena anatopa n'kupita kukagula mowa wa maapozi.

Belu linalira. Akufa anadzuka, akusasa udzu m'matako, akuseka, akufunsana amene wagonera nyerere. Anadzuka onse kupatula mmodzi. Wendell anagwada n'kuyamba kuwagwedeza bambo, ndipo mmene ambulansi imazungulira tchalitchi n'kupyola khamu lija, milomo yawo inali itada kale.

4

Garrett anachoka kuchipatala ine ndisanachoke, akuti akadyetse galu. Nditafika kunyumba masanawo, ndili chivalire chidiresi changa chamakedzana, anandikhazika pampando m'khitchini n'kundipangira tiyi. Kenako anaima pawindo, anasuntha chitini cha shuga, n'kutola kanthu kuseri kwake.

“Lorna, ichi n'chiyani?”

Kanali kabotolo kaja.

“Ndinaika, Garrett. Ndinaika m'jekete. Ndikukumbuka.”

“Ukukumbuka za chaka chatha, mayi. M'mawa uja unali ndi amayi onse aja pamutu.”

“Koma ndinaluma ulusi.”

“Unatseka thumba lopanda kanthu.” Anandikumbatira, fungo la onga lidakali m'malaya mwake. “Tamvera. Izi zithere m'khitchini muno. Sindiuza munthu aliyense. Ndine mwamuna wako, ndikubisira.”

Ndinalira pachifuwa pake n'kumuthokoza. Kabotoloko ndinakakulunga m'kansalu n'kukabisa pansi pa bokosi langa la ulusi.

Tawuni yathu silola maliro kudutsa osadyerapo. Kumanda anawombera mfuti, ng'oma zikulira, ndipo jekete la bambo silinafike n'komwe kunyumba: Garrett analitenga kuchipatala n'kukaliika m'kabati ya galasi kuholo. Pasanathe mwezi, operekeza alendo anali atayamba kuima pa kapinga paja n'kumati, “Apa ndi pamene mwana wa Tarbury anafera ali pantchito ya makolo.” Alendo ankagona pomwepo n'kumajambulitsa, maso atatseka, lilime kunja. Malo ena omwera mowa anatcha chakumwa chawo dzina la bambo anga, munthu amene anasiya mowa ine ndisanabadwe.

Zinkandinyansa, koma ndikanalankhula ngati ndani? Wakupha salamula mwambo wa maliro. Ndikangoyamba kung'ung'udza, Garrett ankandigwira dzanja mwachikondi.

“Tisafukule za tsiku lija, Lorna. Ukudziwa zimene zingatuluke.”

Nkhani inkathera pomwepo. Ndinaonda mpaka masiketi anga omwe ndinachita kuwapinda m'chiuno. Kumanda ndinkapita ndekha kukapepesa. Ndipo pofuna kuthokoza mwamuna wabwino amene ankandisungira chinsinsi, ndinamusokera malaya atsopano a Kaputeni ndi manja, kansoko kakang'ono kalikonse, chifukwa zosoka pamakina iye sankazilola.

5

Mwezi wa Malichi, chikondwerero china chikuyandikira, mushopu mwanga munalowa mayi wina wamtali, wa mawu aakulu, dzina lake Yolanda. Anali namwino wopuma pantchito, atangosamukira kuno, ndipo anali atalowa gulu lathu la sewero kuti apeze anzake ocheza nawo. Pachitseko cha shopu yanga palembedwa dzina la kwathu, Ketter, ndiye sanadziwe kuti akulankhula ndi mkazi wa Kaputeni.

Anakwera pakampando kuti ndimuyese siketi, ine nditagwada, mapini ali m'kamwa. Pakamwa pake sipankatsekeka. Anandiuza za mawondo ake, za mwamuna wake wakale, za nyemba za kuholo zimene akuti zimakoma ngati guluu.

“Komanso achemwali, mundisokereko kathumba kobisika penapake. Ndili ndi mphumu ine, sindiyenda popanda kopopera kanga. Koma kabisike zenizeni. Akuti Kaputeni uja ndi mfiti, amanunkhiza pulasitiki ali patali.”

“Akutero ndani?” ndinafunsa m'mano.

“Azibambo aja kuholo, potiphunzitsa ife atsopano. Amachita kunyadira, ati munthu uja sayang'ana nkhope. Akuti chaka chathachi anagwira apongozi ake enieni, madala anamwalira pa kapinga aja. Anang'amba khwapa la jekete ndi mpeni gulu lonse likuona, mankhwala n'kuponya m'dengu. Ine monga namwino ndinawafunsa kuti anthu inu mitu yanu ikugwira? Iwo ati aa, tsiku linali litakwana basi, komanso nkhani imeneyi sitiikamba kunja. Sitiikamba kunja, chonsecho akuuza ine wobwera dzulo. Achemwali, mwandibaya.”

Ndinali nditamubayadi pakatumba. Ndinalavulira mapini m'dzanja, ndinapepesa, ndinamuuza kuti abwere mawa. Anandiyang'ana mmene anamwino amayang'anira munthu woti agwa, kenako anayang'ana chithunzi cha bambo chimene chili pakhoma, ali pachiwongolero cha basi yawo.

“Mayo ine,” anatero chapansipansi. “Pakamwa pangapa.”

6

Kiyi wa kabati ya galasi ndinali naye, chifukwa ndine amene ndimateteza zovala za kuholo ku njenjete. Chaka chonse kabati imeneyo ndinkailambalala, sindinkafuna kuona thumba limene ndinatseka lopanda kanthu. Tsiku limenelo ndinatsegula, ndinachotsa jekete pachidole chimene analiveka, n'kutembenuza khwapa.

Ulusi wanga unali pomwepo, wosaduka, mfundo yanga ili chimangire. M'munsi mwake munali chibowo chowongoka, cha mpeni wakuthwa, ndipo wina anali atachitseka ndi mapini awiri kuti chisaoneke.

Ndinapita kwa Wendell. Ndinamupeza m'galaja yake akukulunga onga m'timapepala. Atandiona ndi jekete m'manja, anaika pansi supuni.

“Amalume Wendell, munamva chiyani mutagona pambali pawo?”

“Khala pansi, mwanawe.”

“Ndiima.”

Anapukuta manja pabuluku. “Mlandu suwola,” anatero. “Garrett anawasisita m'mbali poyendera, n'kumva kanthu kolimba. Ati, madala, ichi n'chiyani? Amos ati ndi mankhwala. Iye ati a kanema ajambula pafupi, chotupachi chioneka, ndikusungirani, ndikhala nanu pafupi. Anadula. Tonse tinaseka. Amos nayenso anaseka, manyazi. Koma dengu linatsala kuholo.”

“Nanga pa kapinga paja?”

“Anandiitana. Ati, Wen, chifuwa. Ankadziwa kuti m'thumba mulibe kanthu, koma dzanja linkapitabe komweko. Kenako ati, itana Lolo. Garrett akudutsa ndinamugwira nsapato, ndinati Amos zavuta. Anawerama, ati, gona, ndiwe wakufa, ndimalize kaye kulankhula.”

“Ndiye inu munatani?”

“Ndinagona.”

“Munagona.”

“Belu linali lisanalire, mwanawe.”

Ndinamuyang'ana munthu amene anandiphunzitsa kupalasa njinga, amene anasenza nawo bokosi la amayi anga. Nkhalamba ya imvi mbuu, ikundiuza kuti inamvera mnzake akufa kutalika kwa mkono umodzi chifukwa chitsulo china chinali chisanalire. Ndinafunsa kuti akudziwa ndi angati. Anati gulu lonse, anagwirizana masana omwewo kuti dzina la tawuni lisaipe.

“Nanga zoti kabotolo kanapezeka pawindo la m'khitchini mwanga, kuti ndine ndinaiwala, munagwirizananso?”

Kukamwa kwake kunangoti yasa. Zimenezo sankazidziwa. Anayamba kulira, koma ine misozi yake ndinalibe nayo ntchito. Ndinatenga jekete n'kutuluka.

7

Garrett ndinamupeza patebulo akupukuta mabatani a mkuwa, uku akudya nthiti za nkhumba ndi manja. Anali wokondwa.

“Zatheka, mayi. Mwala wa chikumbutso wafika, dzina la bambo ako alemba bwino kwambiri. Iwe udzabwera ndi maluwa mfuti zikangoleka, akufa ali chigonere. Komanso tapeza munthu wofanana nawo msinkhu. Adzagwa mmene anagwera iwo, mwendo uja, dzanja lija, waonera kanema kambirimbiri. Anthu adzalira, ndikukuuza.”

“Adzasewera imfa ya bambo anga?”

“Ndi ulemu umenewo. Alowa m'mbiri ya tawuni.”

Ndinakhala pansi moyang'anana naye. Ndinkafuna ndimupatse mpata umodzi, chifukwa zaka makumi awiri za banja si zotaya ngati madzi otsukira mbale.

“Garrett, ndimalotabe kabotolo kaja. Nthawi zina ndimaona ngati ndinaikadi m'jekete.”

Sanaphethire n'komwe. Ananyambita chala, anatambasula dzanja lamafutalo n'kugwira langa.

“Dzikhululukire, Lorna. Aliyense amaiwala. Ine ndinakukhululukira kalekale.”

Anandikhululukira. Ndinayang'ana mafuta akutsikira pachibwano chake, ndinayang'ana kampeni kaja kali pambali pa mbale, kamene anali atangodulira nyama. Chaka chonse ndinkagona pambali pa munthu ameneyu, ndikumufunditsa, ndikumuthokoza m'pemphero. Amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali ine. Ndinachotsa dzanja langa pang'onopang'ono n'kupita kukalisamba ndi sopo.

“Ubwera ndi maluwa, eti?” anafunsa ali kumbuyo kwanga.

“Ndibwera.”

8

Tsiku la chikondwerero sindinavale diresi lamakedzana. Ndinavala buluku langa la kumsika ndi jekete lachikasu limene bambo ankavala pabasi, lowala ngati moto, loti munthu amaliona ali kutsidya. Ndinabisala kuseri kwa khamu mpaka mfuti zitaleka.

Utsi utachepa ndinamuona. Munthu wachilendo, wonenepa pang'ono kuposa bambo, atagona pamalo awo, mwendo ukupalasa, dzanja likukanda kukhwapa. Ankayesetsa ndithu. Anthu ena ankapukuta misozi, ena ankajambula uku akutafuna chimanga chokazinga.

Ndinadumpha chingwe n'kuyenda pakati pa akufa. Garrett anali atakwera kale pamwala wake. Atandiona nkhope inasintha, koma makamera anali pa iye. Ndinafika pafupi, ndinatsegula kolala ya malaya amene ndinasoka ndekha, ndipo kanali pomwepo: kamaikolofoni kakuda ka pulasitiki, kobisika bwino, koti mawu a Kaputeni azimveka mpaka kumsewu.

“Aka n'ka 1775?” ndinafunsa, ndipo mawu anga anamveka bwalo lonse.

Anthu anaseka. Ndinatulutsa kabotolo n'kukakweza m'mwamba.

“Ine ndine Lorna, mwana wa Amos Ketter. Awa ndi mankhwala a mtima a bambo anga. Garrett, auze anthuwa kumene unawachotsa, ndi kumene unakawaika.”

Ndinkayembekeza kuti akana, kapena akalipa, kapena mwina agwetsa nkhope. Koma mwamuna wanga anawongola msana, anagwira lupanga, n'kuyankha ndi mawu ake a Kaputeni.

“Mayi, sindikudziwani, ndipo kanthu mwanyamulako sindinakaonepo chibadwire. Zovala zanu n'zachilendo. Chokani pabwalo la nkhondo, asilikali a mfumu angabwerere.”

Khamu linawomba m'manja. Ankaganiza kuti ndi sewero latsopano, mayi wa masiku ano wasochera m'nthawi yakale. Mwana wina anafunsa amayi ake ngati ndibwerenso masana.

Ndinatembenukira kwa akufa aja. “Nonsenu munalipo. Munaona akudula, munaseka. Dzukani munene.”

Palibe anasuntha. Amuna a zidzukulu zawo, aphunzitsi, madikoni, wina dokotala wa mano, onse atafinya maso ngati ana onamizira tulo. Mmodzi anatsegula diso limodzi, tinaphana maso, n'kulitsekanso. Wosewera bambo anga uja anasiya kupalasa, osadziwa kuti apitirize kapena ayi.

Kenako ndinamva mawondo akulira. Wendell anagwada, anatsamira mfuti, n'kuimirira pang'onopang'ono, belu lisanalire. Anavula chipewa, anabwera mpaka pachifuwa pa Garrett pamene panali kamaikolofoni.

“Akunena zoona mwanayu,” anatero ndi mawu ake a masiku onse. “Kaputeni anadula thumba n'kulanda mankhwala. Amos anapempha thandizo. Ndinamuuza, anati ndigone. Ndinagona.”

Kuwomba m'manja kunazirala. Yolanda anadumpha chingwe, siketi atakwinyira m'manja, n'kudzaima pambali panga. Apo wina anathamangira kutchalitchi n'kuliza belu nthawi isanakwane, kulikoka mwamphamvu kuti mawu asamveke. Akufa onse anadzuka nthawi imodzi n'kubalalika, aliyense akuyang'ana nsapato zake.

Garrett anatsika pamwala, anaphimba kamaikolofoni ndi dzanja, n'kundinong'oneza ndi mawu ake enieni.

“Wawononga chikondwerero, ukudziwa? Sukanadikira tikafike kunyumba?”

Amenewo ndiwo anali mawu ake onse pa imfa ya bambo anga. Ndinaika kabotolo pamwala wa chikumbutso uja n'kuchoka.

9

Musaganize kuti tawuni inandithokoza. Gulu linakhala pansi n'kulengeza kuti Kaputeni wayamba wapuma chifukwa cha thanzi, ndipo ndikumva kuti chipewa akumusungira. Amayi ambiri anasiya kusoketsa kwa ine. Ena amandidutsa mumsika ngati ndine amene ndinang'amba jekete. Mphete yanga ndinakaiponya m'dengu la manyazi, poti chaka chilichonse ankandivula yomweyo, ati si yamakedzana. Tsopano ndimakhala m'nyumba ya bambo, ndipo jekete lawo la ubweya lili m'kabati yanga, osati ya galasi.

Adokotala akuti mwina timapiritsi tija sitikanawapulumutsa. Mwina. Koma ambulansi inali kuseri kwa tchalitchi, ndipo bambo anaitana dzina langa ndili chapafupi pomwepo ndikuwomba m'manja. Zimenezi ndidzafa nazo, ngakhale ndikudziwa tsopano kuti sindinaiwale kanthu. Wendell amabwera kudzatchetcha kapinga pakhomo, sindimuitana, sindimuthamangitsa. Tiyi sindinayambe kumupatsa.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikukuuzani kuti muleke kukumbukira makolo anu. Alimi aja anaima pamlatho chifukwa anakana kugona pansi atauzidwa kuti agone, ndipo ife zidzukulu zawo tinatola mabatani awo okha. Koma munthu akakuuzani kuti akukubisirani manyazi anu, kaonenitu chimene wabisa kuseri kwa manyaziwo, mutsegule kabati imene mukuiopa. Ine ndinaopa yanga chaka chathunthu, kiyi ali m'thumba.

Ndipo mukadzaona munthu wagwa, kaya ndi pasewero, kaya ndi pamsewu, kaya aliyense akuwomba m'manja, pitani mukamugwedeze. Akakhala kuti amangosewera adzakukalipirani, mudzachita manyazi pang'ono, zitha. Musadikire belu.